Tiziphuphu ndi Zipsera Pambuyo Powokera Tsitsi

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu ya zaumoyo, ndipo lero tikamba za kumutu. Okonda mpira mukukumbukira kuti mu June 2011 Wayne Rooney, pa nthawiyo akusewera mu timu ya Manchester United, analengeza yekha kuti wachitidwa opaleshoni yowokera tsitsi ku London, ali ndi zaka 25 zokha. Ambirife tinangoseka n'kumati zimenezo n'za anthu a ndalama. Paja kwathu kuno timanyengererana kuti dazi ndi chuma. Koma lero nkhaniyi yafika pakhomo. Abale athu okhala ku Joni ndi ku Britain, amalonda, ngakhale amayi amene tsitsi lawo la m'mbali linatha ndi kuluka, akukwera ndege kupita ku Istanbul, ku India kapena ku Johannesburg kukawokeretsa tsitsi. Zithunzi zotsatsa pa Facebook zimationetsa pamphumi pokhapokha. Kunkhongo sationetsa. Ndiye muno mu situdiyo ndili ndi adokotala oona za matenda a khungu. Takulandirani adokotala.

DOKOTALA: Zikomo bambo, ndipo moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tiyambe ndi wosadziwa ngati ine. Tsitsi lowokeralo limachokera kuti? Ena amati n'la munthu wina.

DOKOTALA: Ayi, n'lanu lomwe. La munthu wina thupi lingalikane. Zimene zimachitika n'zofanana ndi zimene mlimi wa fodya kapena wa mpunga amachita: amazula mbande ku nazale n'kukawokera kumunda. Nazale ya munthu wadazi ili kunkhongo ndi m'mbali mwa mutu, pamwamba pa makutu. Mwaonapo kuti ngakhale agogo a dazi lalikulu amatsala ndi tsitsi kumeneko. Dokotala wina wa ku New York, Norman Orentreich, analemba mu 1959 kuti tsitsi la kunkhongo likasamutsidwira padazi limapitiriza kumera ngati likadali kwawo. Iyeyo asanatero, dokotala wa ku Japan, Shoji Okuda, anali atayesa kale zoterezi mu 1939 pa anthu a zipsera. Opaleshoni yonse ya masiku ano yatsamira pa mfundo imeneyo.

Tsitsi silimera limodzilimodzi. Limamera m'timagulu, ka tsitsi limodzi, awiri, atatu, nthawi zina anayi. Timagulu timeneti ndiye mbande zake. Njira zozitengera zilipo ziwiri. Yoyamba amaitcha FUT: amadula kachigamba kakatali ka khungu kunkhongo, n'kusoka balalo, kenako kachigambako amakagawa pansi pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Yachiwiri ndi FUE, imene madokotala William Rassman ndi Robert Bernstein anaifotokoza mu 2002. Apa sadula chigamba, koma amatenga kachipangizo kozungulira, kosakwana milimita imodzi kapena kufika pamenepo, n'kumazula kagulu kamodzikamodzi. Akatha, amaboola timabala padazi n'kulowetsamo mbandezo.

WOULUTSA: Otsatsa malonda amati njira yachiwiriyi ilibe chipsera.

DOKOTALA: Limenelo ndi bodza la malonda. Paliponse pamene khungu labooledwa mpaka pansi pamatsala chipsera. Kusiyana kwake n'kwakuti FUT imasiya mzere umodzi wopingasa kunkhongo, pamene FUE imasiya timadontho. Munthu akachotsedwa mbande 3,000, ndiye kuti kunkhongo kuli timabala 3,000, padazi palinso ena 3,000. Pakhungu la mzungu timadonthoto timabisala. Pakhungu lakuda ngati lathuli timaonekera, chifukwa kachipsera kamapola motuwa, ndipo amuna athu ambiri amakonda kumeta mpala.

Palinso china chimene chimatikhudza ifeyo makamaka. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndipo silipotana kunja kokha. Muzu wakenso pansi pa khungu ndi wokhota. Kachipangizo kozulira kaja n'kowongoka. Munthu amene anazolowera tsitsi lowongoka la Azungu kapena Aluya akalowetsa kachipangizoko molunjika, amadula mizu yambiri pakati. Kuti apewe zimenezo ena amagwiritsa ntchito kokulirapo, timabala n'kukulanso. Ndipo muzu woduka wotsalira m'khungu ndi umene pambuyo pake umabala kachiphuphu.

WOULUTSA: Tafika pa tiziphuphu. Munthu wabwerako, wadziyang'ana pagalasi, mutu uli tokhatokha. Achite mantha?

DOKOTALA: Funso loyamba limene ndimafunsa ndi lakuti, opaleshoniyo inachitika liti? Chifukwa chotupa cha sabata yoyamba, cha mwezi wachitatu ndi cha pakatha chaka ndi zinthu zitatu zosiyana, ngakhale pagalasi zioneke zofanana.

M'masabata awiri oyamba, pambande iliyonse pamakhala kankhanambo. Khungu limakhala lotupirapo, ndipo kutupako kumatsikira pamphumi mpaka m'zikope cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi. Zimenezo zimatha zokha, makamaka munthu akamagona atatsamiritsa mutu pamwamba. Mbande zimatenga masiku pafupifupi 10 kuti zigwire. M'masiku amenewo chikhadabo ndiye mdani. Mukatong'ola nkhanambo mutha kuzula ndi mbande yomwe. Nkhanambo zimafewa ndi kusamba modekha monga anakuuzirani kuchipatalako, ndipo zimayoyoka zokha pofika masiku 10 mpaka 14. Amene anasokedwa, ulusi amachotsa cha m'masiku omwewo.

Kenako pamabwera chinthu chimene chimaliritsa anthu. Pakati pa sabata yachiwiri ndi mwezi wachiwiri, tsitsi lowokera lija limathothoka. Munthu amaona ngati ndalama zake zalowa m'madzi. Si choncho. Chathothoka ndi tsitsi, muzu uli m'kati ukupuma. Latsopano limayamba kutuluka pa mwezi wachitatu kapena wachinayi, ndipo zotsatira zenizeni zimaoneka pakatha chaka, ena mpaka chaka ndi theka.

Nthawi imene tsitsi latsopano likuboola khungu ndi imene tiziphuphu timachuluka. Timakhala ting'onoting'ono, tina ta kamutu koyera ka mafinya, toyabwa, apa kamodzi apo kamodzi. Kwa ife a tsitsi lopotana zimachitika kwambiri chifukwa tsitsi m'malo motuluka limapinda n'kubaya khungu cham'kati. Tikakhala tiwiri titatu, palibe choopsa. Tengani kansalu koyera, kaviikeni m'madzi ofunda, osati otentha, muike pamalopo mphindi 10, kawiri kapena katatu patsiku. Kachiphuphu kamaphulika kokha, tsitsi n'kutuluka. Sambani m'mutu tsiku lililonse ndi shampu wosalimba. Ambiri amaopa madzi, amatha mwezi osasamba m'mutu poopa kuzula mbande, ndipo thukuta ndi mafuta zimatseka timabowo. Vaselini ndi mafuta olemera a tsitsi aja muyambe mwawasiya.

WOULUTSA: Nanga kufinya? Dzanja limathamangira komweko, adokotala.

DOKOTALA: Ndikudziwa, ndipo abambo amapatsa akazi awo ntchitoyo madzulo pakhonde. Musafinye. Mukafinya, mafinya ena amatuluka koma ena amalowa pansi, kutupa kumakula, muzu umatha kufa, ndipo pamatsala banga lakuda kapena chipsera. Pakhungu lathu banga lakuda lotsalira pambuyo pa chotupa limatenga miyezi kuti lizimirire.

WOULUTSA: Ndiye tidziwa bwanji kuti apa zafika pothamangira kuchipatala?

DOKOTALA: Mabuku ambiri amati muone kufiira. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho musadikire kuti muone zofiira. Gwirani ndi kuseri kwa dzanja: kodi pamalopo pakutentha kuposa mbali zina? Kodi khungu lada kwambiri, likunyezimira, lakungika? Ululu ukamakula m'malo mochepa, tiziphuphu tikachuluka n'kuyamba kulumikizana, mafinya akamanunkha, thupi likatentha, mwanabele akatuluka m'khosi kapena kuseri kwa khutu, pitani tsiku lomwelo. Pamenepo pafunika mankhwala opha tizilombo, opaka kapena akumwa, ndipo nthawi zina timatengako mafinya kukayeza kuti tidziwe kachilombo kake. Musagule makapisozi pagolosale n'kumwa awiri atatu.

Chizindikiro china, chosowa koma choopsa, ndi chigamba chakuda bii, cholimba, chimene sichikuyoyoka pamene nkhanambo zina zonse zatha. Apo khungu lafa chifukwa magazi sanafikepo. Zimachitika mbande zikapanikizidwa kwambiri pamalo amodzi, timabala tikazama, makamaka kwa osuta fodya ndi odwala shuga amene shuga wawo sali m'malo. Chimenecho musachikhudze nokha, ndipo musachedwe nacho.

Dzanzi lokha lisakuopseni. Timitsempha tating'ono timaduka pa opaleshoni, ndipo kumva kumabwerera pakapita miyezi ingapo.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za tiziphuphu ndi zipsera zobwera munthu akawokeredwa tsitsi. Adokotala, pali ena amati tsitsi lamera bwinobwino, chaka chatha, koma khungu silinasalale. Akamapisa dzanja amamva tizitunda.

DOKOTALA: Amenewo ndi ena. Tizitunda timeneto tilibe mafinya, sitipweteka, sitiphulika. Mbande ikaikidwa mosazama, kapena kabowo kakachepa, kakhungu ka mbandeyo kamapolera pamwamba, n'kutsala katatumphuka. Ikazama kwambiri, pamatsala kadzenje. Ikakwiririka yonse pansi pa khungu, imapanga kathumba kolimba kozungulira kamene kamatupa nthawi ndi nthawi. Kathumbako dokotala amakatsegula n'kuchotsa zam'kati, si ntchito yaikulu. Koma tizitunda ndi timaenje tija si matenda, ndi luso la dzanja limene linagwira ntchitoyo. Palibe mafuta opaka amene angatisalaze.

Pano ndinene mosabisa. M'zipatala zambiri zotsika mtengo, dokotala amangobwera kudzajambula mzere pamphumi, ntchito yonse n'kusiyira anthu amene si madokotala, odwala angapo tsiku limodzi. Bungwe la madokotala owokera tsitsi padziko lonse, la ISHRS, lakhala likuchenjeza za zimenezi kwa zaka. Sindikunena kuti ku Turkey kulibe akatswiri, aliko odziwa ntchito kwambiri. Koma mtengo ukaphatikiza hotela, galimoto yokutengani pabwalo la ndege ndi mbande 5,000 tsiku limodzi, dzifunseni kuti achepetsa pati.

WOULUTSA: Ndiye wa tizitundayo basi zake zada?

DOKOTALA: Ayi. Choyamba adikire chaka chikwane, chifukwa khungu limapitiriza kufewa, ndipo tsitsi likakula limaphimba zambiri. Zikakhala kuti zikuonekerabe, makamaka pamzere wa pamphumi, pali njira. Ena amasalaza khungu ndi kuwala kwa makina a leza, ngakhale pakhungu lakuda leza imafuna wodziwa chifukwa imatha kusiya mabanga. Ena amazula mbande zoikidwa molakwikazo n'kuziikanso bwino. Zonsezi ndi ndalama zina, ulendo wina.

Za kunkhongo, mzere wa FUT umatambasuka ngati anasoka khungu litakokeka kwambiri, kapena munthu atayamba msanga kunyamula zolemera ndi kujima. Mzere wotero amatha kuudula n'kuusokanso, kapena kuwokeramo tsitsi, ngakhale pachipsera mbande sizigwira zonse chifukwa magazi amayenda ochepa. Njira ina ndi yolemba timadontho ta inki tofanana ndi tsitsi lometedwa, pachipsera pomwepo. Koma kunkhongo kukazulidwa mopitirira muyeso, kumaoneka kodyekadyeka, ndipo muzu wozulidwa sumeranso. Nazale imeneyi sibzalidwa kachiwiri. Apo n'kungobisa basi, posunga tsitsi lalitaliko kapena ndi inki ija.

WOULUTSA: Tsopano tikambe za chimene ambiri timachidziwa ndi maso: zipsera zija zimakula ngati nyama, timaziona pamakutu a atsikana oboola ndolo.

DOKOTALA: Apa ndiye pagona nkhani kwa ife, ndipo ndipempha tichedwepo. Zipsera zotukuka zilipo mitundu iwiri. Mtundu woyamba umatukuka m'masabata ochepa bala litapola, umalimba, umayabwa, koma sudumpha malire a bala. Ngati bala linali mzere, chipseracho chimakhala mzere wonenepa. Chimakula miyezi ingapo, n'kuima, kenako chimayamba kuphwa chokha pakapita chaka kapena kuposa. Mtundu wachiwiri ndi umene achipatala timati keloid. Iwo umatha kuyamba mochedwa, patapita miyezi bala litaiwalika, ndipo umadumpha malire n'kulowa pakhungu limene silinavulale. Umayabwa, umalasa, ndipo suphwa wokha. Thupi limakhala likupitiriza kumanga bala limene linapola kale.

Keloid imagwira kwambiri anthu a khungu lakuda kuposa azungu, imayenda m'magazi a banja, ndipo imakonda achinyamata a zaka zapakati pa 10 ndi 30. Malo ake okondedwa ndi makutu, pachifuwa, mapewa, m'nsagwada ndi kunkhongo. Ndisakuopsezeni mopitirira: mwa anthu owokeredwa tsitsi, amene amatuluka keloid ndi ochepa, ndipo pamwamba pa mutu sipakonda kutero. Koma amene zamugwera zimamuvuta kwa zaka, ndipo taonani kuti kunkhongo, malo amene keloid imakonda, ndi komwe kuli nazale.

Ubwino wake, thupi limakhala litakuuzani kale. Musanagule tikiti, dziyang'aneni. Chipsera cha katemera wa BCG pamkono chili bwanji? Mphini zimene anakutemani muli mwana zinapola mosalala kapena zinatukuka? Pamene munaboola ndolo, pamene munapsa ndi moto, pamene anakung'ambani pobereka? Nanga amayi anu, achimwene anu, achemwali anu? Ngati penapake pali chipsera chimene chinadumpha malire, muuzeni dokotalayo ngakhale asakufunseni. Dokotala wosamala amayamba wayesa mbande zochepa pamalo obisika, n'kudikira miyezi ingapo kuti aone mmene khungu lipolere. Amene wakuuzani kuti palibe vuto asanakuoneni n'komwe, atangoona chithunzi pa WhatsApp, ameneyo akufuna ndalama zanu.

WOULUTSA: Nanga yatuluka kale? Kumudzi ena amamanga ulusi kuti iduke, ena amatema ndi lezala.

DOKOTALA: Ndaonapo zonsezo, ndi opaka mafuta a buleki omwe. Keloid imabadwa ndi bala, ndiye mukaipatsa bala lina mwaidyetsa. Ngakhale ife kuchipatala, tikangoidula popanda chithandizo china, nthawi zambiri imabwerera, ndipo imabwera yokula kuposa poyamba. Chithandizo choyamba ndi jakisoni wa mankhwala otchedwa triamcinolone, wobaya m'chipsera mwenimwenimo, kamodzi pa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kangapo. Amapweteka, sindinama. Koma kuyabwa kumachepa msanga, chipsera chimafewa n'kuyamba kutsika. Kuipa kwake, akachuluka khungu lozungulira limapyapyala ndi kuyera, n'chifukwa chake wobaya akhale wodziwa. Zikakanika, amasakaniza ndi mankhwala ena otchedwa 5-FU, kapena kuumitsa chipseracho ndi mpweya wozizira kwambiri. Kudula kumabwera kumapeto, ndipo kumatsatana ndi majakisoni kapena kuwotcha ndi cheza kuti isabwerere.

Palinso silikoni, wa timapepala tomata kapena wopaka. Amathandiza chipsera chikadali chachiwisi, bala litatsekeka kale. Pamutu timapepala sitimata bwino chifukwa cha tsitsi, ndiye wopaka ndi amene amagwira. Amafuna kupirira: maola 12 kapena kuposa patsiku, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Chipsera cha miyezi itatu chimamva mankhwala kuposa cha zaka zitatu, choncho mukaona mzere ukunenepa ndi kuyabwa musadikire kuti muone pothera.

Ndichenjezenso za timachubu togulitsidwa m'misika, tija ena amayeretsera khungu. Mwambiri muli mankhwala amphamvu monga clobetasol. Amaziziritsa kuyabwa masiku oyamba, munthu n'kumati ndapeza mankhwala. Koma mukapaka pamene pali tizilombo mumatibisa n'kutichulukitsa, ndipo khungu limatha.

WOULUTSA: Adokotala, pali omvera ambiri amene sadzakwera ndege kukawokeretsa tsitsi, koma kunkhongo kwawo kuli tiziphuphu tolimba. Timationa pamzere kubanki, m'minibasi. Anthu amati ndi makina akuda a kometera.

DOKOTALA: Amenewo ndi ambiri kuposa owokeretsa tsitsi, ndipo nkhani yawo ikulumikizana ndi yathuyi. Matendawo dzina lake ndi acne keloidalis nuchae. Amagwira makamaka amuna a tsitsi lopotana, kuyambira paunyamata. Amayamba ngati tiziphuphu toyabwa m'munsi mwa nkhongo, timatuluka magazi pometa, kenako timalimba, n'kulumikizana kukhala chigamba chopanda tsitsi, nthawi zina chotuluka mafinya, tsitsi lambiri likutulukira pabowo limodzi. Makina osatsuka amatha kuwonjezera tizilombo, ndipo ometa ayenera kutsuka zida zawo. Koma gwero lake si litsiro, ndipo matendawa sapatsirana. Ndi kutupa kwa mizu ya tsitsi kumene kumakula ndi kumeta mogwira khungu, kudula mzere ndi lezala, ndi kukhuzika: kolala yolimba, kapusi yothina, chisoti cha anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Chisoti musasiye, chimapulumutsa moyo. Ikani kansalu kofewa koyera m'kati, muzikachapa.

Akabwera msanga timawapatsa mankhwala opaka, nthawi zina akumwa monga doxycycline kwa masabata angapo, ndi majakisoni aja pa tolimbato. Chikakula kukhala chigamba, pamafunika opaleshoni. Tsono taganizani munthu wa matenda amenewa akupita kukazulitsa mbande 3,000 pamalo omwewo. Ameneyo ayambe wachiza nkhongo, ndipo mwina dokotala woona mtima adzamuuza kuti opaleshoniyi si yake.

WOULUTSA: Amayi tisawasiye.

DOKOTALA: Amayi ambiri tsitsi limatha m'mbali ndi pamphumi chifukwa chokoka: kuluka kothina, meshi yolemera, guluu wa mawigi. Poyamba limatha kumeranso mukasiya kukoka. Pakapita zaka mizu imafa, ndipo amenewo kuwokera kumawathandiza, bola asabwererenso kukaluka mothina. Koma pali matenda ena amene amayambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira, khungu n'kusalala ngati lopsa, nthawi zina loyabwa kapena lowawa. Amenewa amagwira kwambiri amayi a khungu lakuda, ndipo amapha mizu ndi kutupa kwa m'kati. Mukawokera matenda akadali amoyo, mbande zimafa nazo, chipsera n'kuwonjezeka. Pamafunika kudula kakhungu kakang'ono kukayeza, kuchiza, n'kudikira kuti matenda akhale chete kwa chaka kapena kuposa.

WOULUTSA: Munthu wachitidwa opaleshoni ku Istanbul, vuto lamupeza ali ku Zomba kapena ku Chipata. Apite kuti?

DOKOTALA: Asachite manyazi, apite kuchipatala chimene ali nacho pafupi. Ambiri amabisa pansi pa kapusi poopa kusekedwa, n'kumangotumiza zithunzi kwa amene anawachita opaleshoni, amene mwina sayankhanso. Tiziphuphu ta mafinya ndi mabala, achipatala cha boma chilichonse amatha kuthandiza. Za keloid ndi zotupa zosamva mankhwala, pemphani kuti akutumizeni kwa oona za khungu. Kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe aliko, ndipo m'zipatala zina za m'maboma muli achipatala amene anaphunzira za khungu ku Moshi, m'dziko la Tanzania.

Chimene chimatithandiza ndi pepala. Musanachoke kumene mwachitidwa opaleshoniko, apempheni akulembereni njira imene agwiritsa ntchito, chiwerengero cha mbande, kukula kwa kachipangizo kozulira, mankhwala amene akupatsani, ndi dzina la dokotala. Muzijambulanso nkhongo ndi foni mwezi uliwonse, pamalo owala amodzimodzi. Chithunzi cha mwezi watha ndi chimene chimandiuza ngati chipsera chikukula kapena chaima.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma funso lomaliza ndi la ometa tsitsi, chifukwa akutimvera m'mashopu mwawo. Kasitomala wowokeredwa tsitsi wakhala pampando. Atani naye?

DOKOTALA: Amufunse kuti papita nthawi yaitali bwanji. Mwezi usanathe asamukhudze. Ukatha, sizasi yokha. Makina pamalo owokerapo madokotala ambiri amalangiza kudikira miyezi itatu, ndipo ngakhale pamenepo aike chipeso chake cha makina kuti chitsulo chisagunde khungu. Lezala yodulira mzere kunkhongo aiwale, makamaka akaona tiziphuphu kapena chipsera chotukuka, ndipo asathirepo sipiriti pofuna kuumitsa. Wometayo ndi amene amaona nkhongo ya munthu kuposa mwini wake, ndiye akaona mzere ukunenepa kapena chotupa chikukula amuuze kuti akaonetse. Mwini mutu naye, m'miyezi itatu yoyamba apewe dzuwa la masana, makamaka la mu Okutobala, chifukwa chipsera chachiwisi chikapsa ndi dzuwa chimada. Avale chipewa chomasuka, chansalu, chochapidwa kawirikawiri.





WOULUTSA: Omvera athu, sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za chipere cha m'mutu mwa ana a sukulu. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)